Njuchi zathawanso mumng'oma? Tione chikuzithamangitsa pa kampasi

Funso lomwe limabwerabwera kwa ife amene timasunga njuchi pa koleji ndi ili: tinapachika ming'oma bwinobwino, njuchi zinalowa zokha, tinajambulitsa zithunzi titavala masuti, koma pobwera ku holide tapeza mbee, mng'oma uli gwaa koma mkati mulibe kanthu. Semesita yotsatira chimodzimodzi. Ena amafika ponena kuti malowo ndi atsoka, ena akuti kalipentala anagwiritsa matabwa onunkha. Zamatabwazo nthawi zina zimakhaladi zoona koma kawirikawiri si zimenezo.

Choyamba tigwirizane kaye kuti njuchi zathu zakuno, mtundu wa Apis mellifera scutellata ndi abale ake, sizofanana ndi zija mumaonera pa YouTube za ku Ulaya ndi ku America. Zakumenezo zinazolowera kukhala phee mumng'oma miyezi yachisanu zikudya uchi omwe zinasunga, kuthawa n'kufa basi. Zathuzi zili ngati munthu wa lendi, nyumba ikayamba kudontha sadikira landilodi, amangomanga katundu n'kumapita. Nde simungazithetseretu khalidwe limeneli, chomwe mungathe ndikuchepetsa zifukwa zake.

Komanso musasokoneze zinthu ziwiri. Ngati mwaona chigulu cha njuchi chitalendewera mumtengo wa mango pafupi ndi laibulale koma mumng'oma mukadali njuchi zikulowa ndi kutuluka, zimenezo zangogawikana, mfumukazi yakale yachoka ndi theka la banja, yatsopano ikubadwa mkatimo. Palibe cholira apa, tengani kamng'oma kena mukazikole. Vuto lomwe tikukambali ndi pomwe zachoka zonse, osatsala ngakhale mlonda pakhomo.

Musafulumire kutsuka mng'omawo

Apa mpomwe ambiri amataya umboni. Akangopeza mulibe njuchi amakhutula zisa zonse, kutaya kutchire, kupaka phula lina n'kupachikanso. Dikirani kaye, tsegulani muone zomwe zasiyidwa chifukwa zimenezo ndizomwe zikuuzeni chinachitika.

Mukapeza zisa zoyera, zouma, mulibe uchi, mulibe mungu, mulibe ana ngakhale mmodzi, dziwani kuti njuchizo zinakonzekera ulendo. Imeneyo ndi njala kapena ludzu. Zimatere: chakudya chikayamba kusowa mfumukazi imasiya kuikira mazira, zimadikira ana omwe ali mzisa kale abadwe, ndipo poti njuchi yogwira ntchito imatenga pafupifupi masabata atatu kuchokera pa dzira mpaka kubadwa, nkhaniyi imatenga masabata angapo. Zikatero zimamwa kauchi kotsalako n'kunyamuka. Tanthauzo lake n'lakuti munthu akanatsegula masabata awiri m'mbuyomo n'kuona kuti mulibe mazira ndi timphutsi, akanadziwiratu.

Koma mukapeza zasiya ana otsekeredwa, timphutsi, mwina ndi uchi womwe, zimenezo zinathawa mwadzidzidzi. Njuchi sizisiya ana chisawawa ayi. China chake chinazilowerera, kaya linthumbu, kaya moto, kaya munthu. Yang'anani pansi pa mng'oma, yang'anani waya, yang'anani udzu wozungulira.

Mukapeza mulu wa njuchi zakufa pakhomo ndi pansi, zina malilime ali panja, zina zikungozungulira pansi zikunjenjemera osatha kuuluka, amenewo ndi mankhwala. Tibwerako.

Nkhani ya njala, yomwe pa kampasi anthu sakhulupirira

Munthu amayang'ana kampasi yobiriwira, kapinga wometedwa bwino, maheji odulidwa sikweya, n'kumati njuchi zingafe bwanji ndi njala pano. Kapinga njuchi sizidya abale. Maheji omwe amadulidwa asanachite maluwa alibe phindu kwa njuchi. Bougainvillea uja amakongoletsa ku ofesi ya akuluakulu, tayimani pamenepo mphindi zisanu muwerenge njuchi zomwe zitere, mwina simufika ndi zisanu zomwe. Pomwe chisoso chomwe abambo otchetcha amalimbana nacho tsiku ndi tsiku, chimenecho ndiye njuchi zimachikonda koopsa. Deliya wam'mbali mwa msewu chimodzimodzi.

Njala imabwera kawiri m'madera ambiri ngakhale zimasiyana malo ndi malo. Ina imabwera mkati mwa dzinja, cha mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ikamagwa masiku otsatizana, njuchi sizituluka ndipo timadzi ta m'maluwa timakokoloka. Ina ndi ya m'chilimwe, udzu utauma, tchire litapsa, mitengo ya tsamba ndi mombo isanachite maluwa ake omwe amabwera kukatentha masamba ofiira aja ataphuka. Ngati kampasi yanu ili pafupi ndi nkhalango yachilengedwe muli ndi mwayi, njuchi zimayenda makilomita awiri kapena atatu kukafuna chakudya. Koma ngati mwazunguliridwa ndi minda ya chimanga ndi nyumba zokhazokha, zimadalira zomwe mwadzala inuyo.

Zizindikiro zake sizivuta. Njuchi zikayamba kudzazana pa tebulo la kutakishopu, kulowa m'mabotolo a Fanta, kutera pa makoko a nzimbe, kapena mukaziona ku chigayo ndi kukhola la nkhuku zikugubuduka mu gaga n'kumanyamula m'miyendo ngati mungu, dziwani kuti kunja kwauma. Pakhomo pa mng'oma khalani chapambali m'mawa cha m'ma 8 koloko muone ngati zobwerera zili ndi timibulu tachikasu m'miyendo yakumbuyo. Ngati palibe ndi imodzi yomwe, mkatimo ana sakuleredwa. Mukhozanso kungonyamula mng'oma mbali yakumbuyo, wopepuka ngati mulibe kanthu ndiye kuti mulibedi.

Chochita mwachangu ndikuzipatsa madzi a shuga, kapu ya shuga woyera pa kapu ya madzi ofunda, kusungunula, kuziziritsa. Muike mkati mwa mng'oma kumbuyo komwe kulibe zisa, m'kambale komwe mwaikamo timitengo kapena udzu kuti zisamire, ndipo muike madzulo. Osaika panja chonde. Mukaika panja mwaitana njuchi za ming'oma yonse ndi za m'mphanga zomwe, zimenyana, zofooka ziberedwa, ndipo zikazolowera zimayamba kusaka chilichonse chotsekemera mpaka ku kafeteriya. Ikani pang'ono pomwe zingamalize masiku awiri, zotsala zimasasa. Uchi wogula kumsika osazipatsa, simudziwa unachokera mng'oma wodwala kapena wasakanizidwa ndi chani.

Koma shuga ndi wongopulumutsira, ndipo pamtengo wake panopa kalabu ya ana asukulu singakwanitse miyezi itatu. Yankho lenileni ndi dimba, koma dimba lodzala moganizira miyezi osati maonekedwe. Tengani kope, yendani kampasi yonse kamodzi pamwezi mulembe chomwe chachita maluwa ndipo njuchi zikuterapo. Chaka chikatha muona nokha miyezi yomwe tsamba lili loyera, nde mudzale zotseka mipata imeneyo. Mango ndi mapeyala amathandiza kumapeto kwa nyengo yozizira, msangu umachita maluwa mvula itatha pomwe mitengo ina ikupuma, nandolo amachita maluwa chimanga chitakololedwa kale, chamwamba chimachita maluwa nthawi yaitali, bulugamu naye ngati sakudulidwa ali wamng'ono. Pabedi lothirira ikani mpendadzuwa mosiyanitsa masabata, maungu, mpungabwi, ndipo mpiru ndi repu zina muzisiye zichite maluwa m'malo mozula zonse. Ine ndimaona kuti kabedi kamodzi kamaluwa kokhala ndi chikwangwani chokongola n'kabwino pa zithunzi basi, sikangadyetse ming'oma khumi. Mtengo umodzi waukulu ukachita maluwa umaposa kabediko kutalitali. Nde ngati pali nkhondo yoti mumenye ku ofesi, menyerani kuti mitengo ikuluikulu isadulidwe ndiponso kuti akusiyireni kachigawo kena kosatchetcha.

Njala ina timaipanga tokha pofula. Tsiku lofula aliyense amafuna kabotolo, alekichala akufuna, a ku ofesi akufuna, mapeto ake zisa zonse zatuluka. Tengani zisa zotsekedwa ndi phula zokhazokha, zakumbuyo, zokhala ndi ana musazikhudze, ndipo siyani zisa zingapo za uchi pafupi ndi anawo. Makamaka kufula kwa mu Meyi ndi Juni, chifukwa kutsogoloko kuli chilimwe.

Madzi

Iyi ndi yaifupi koma imachotsetsa ming'oma pa sukulu. Njuchi zimasunga ana pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 35, nde mu Okutobala zimatunga madzi ambiri oziziritsira mkati. Zikasowa pafupi zimapita pa mpopi wa ku hositelo, kubafa, pochapira, kenako wina walumidwa ali ndi sopo kumaso, nkhani yafika kwa akuluakulu. Ikani beseni kapena tayala lodula pamthunzi pafupi ndi ming'oma, muikemo miyala ndi zitsononkho zoti ziziterapo, kamchere pang'ono kwambiri. Muyambe kutentha kusanafike chifukwa zikazolowera mpopi kuzibweza n'kovuta, ndipo beseni lisaume ngakhale tsiku limodzi. Madziwo muzisintha, tisaweterenso udzudzu.

Linthumbu ndi anzake

Linthumbu limabwera usiku, makamaka nthawi ya mvula, ndipo usiku umodzi ndi wokwanira. M'mawa mumangopeza zisa zong'ambika, ana atadyedwa, mzere wa linthumbu ukupita kutchire. Nyerere zing'onozing'ono sizithamangitsa tsiku limodzi koma zimamanga pansi pa chivundikiro n'kumazitopetsa pang'onopang'ono.

Njira yake ndi yakale yomweyi, kungoti timaiwala kubwereza. Mng'oma upachikidwe pa waya, utalike ngati mita imodzi kuchoka pansi, waya apakidwe girisi. Ngati uli pa thandala, miyendo ilowe m'zitini za oyilo wakutha wa galimoto, wa ku galaja ya sukulu amapereka ulere mukapempha mwaulemu. Koma girisi amauma ndi dzuwa, fumbi limakutira, masamba amagwera mu oyilo n'kusanduka mlatho, mvula imadzaza zitini oyilo n'kusefukira. Ndiye pakapita milungu iwiri aliyense wopita kumeneko aziona. Ndipo chomwe chimapweteka kwambiri ndi udzu umodzi wokha wautali womwe wakhudza pansi pa mng'oma, kapena nthambi yomwe yagonera pa chivundikiro, girisi yense uja wapita pachabe. Lambulani pansi, wazani phulusa. Mankhwala ophera nyerere pansi pa mng'oma ayi, mupha zomwe mukuteteza.

Njenjete za phula anthu amazinamizira kwambiri. Mukatsegula n'kupeza ulusi ngati wa kangaude, timphutsi toyera tikuboola zisa, timanyi takuda, zikwa zitamatirira pa matabwa mpaka kukumba thabwalo, mumati izi ndizomwe zathamangitsa njuchi. Nthawi zambiri njenjetezo zinapeza banja litafooka kale kapena litachoka. Banja lamphamvu limazitulutsa lokha. Chomwe chimazipatsa mpata ndi mng'oma waukulu wokhala ndi njuchi zochepa, zisa zakale zakuda zomwe palibe akuzilondera, ndi ming'alu. Chotsani zisa zopanda njuchi, ikani kathabwa kotchinga kuti banja laling'ono likhale m'chipinda chaching'ono, chepetsani khomo. Tizilombo takuda tating'ono tokhala ngati kafadala tomwe timathawa kuwala mukatsegula, n'chimodzimodzi, ndi takuno komweko ndipo timavuta pomwe banja lafooka.

Kalipentala naye ali ndi gawo lake. Pa mng'oma wa Kenya top bar, uja wa timatabwa toyala pamwamba pomwe njuchi zimamangirira zisa, timatabwato tiyenera kukhala mamilimita 32 mulifupi kwa njuchi zathu, tonse tofanana, togundana popanda mpata. Tikakula kapena kuchepa, njuchi zimamanga zisa mopingasa, nde tsiku lotsegula mukukoka kamodzi zisa zitatu zikuthyoka, uchi ukuchucha pa ana, mawa lake zapita. Chivundikiro cha lata chili padzuwa la masana mu Okutobala chimafewetsa phula mpaka zisa kugwa zokha, ikani udzu pamwamba kapena sunthirani pamthunzi wa mtengo. Chikamadontha ndiye mkati mumachita nkhungu. Chiuli pa kampasi sichimapezeka kawirikawiri pokhapokha muli m'mbali mwa nkhalango, koma chiuli cha miyendo iwiri ndiye chiliko, mukapeza timatabwa tamwazikana ndi muuni wa udzu wopserera pansi musavutike n'kufufuza tizilombo.

Mankhwala, ndipo apa mpovuta chifukwa opopera si inu

Pa koleji pamakhala anthu ambiri ogwira sipuleya ndipo palibe amene amauza mnzake. A kumunda wa sukulu akupopera chimanga chifukwa cha ntchemberezandonda zija zinavuta kuyambira cha m'ma 2017, ophunzira akupopera ma puloti awo a risechi, a dimba akupopera tomato, kampani yabwera kudzapopera nsikidzi ndi mphemvu m'mahositelo n'kutsukira zida zawo pa ngalande yomwe njuchi zimamwapo. Mankhwala ngati cypermethrin ndi imidacloprid amapha njuchi koopsa. Chimanga chilibe timadzi totsekemera koma ngayaye zikatuluka njuchi zimadzazana m'mawa kutola mungu, nde wina akapopera nthawi imeneyo mng'oma umatha njuchi zogwira ntchito tsiku limodzi.

Simungawaletse kupopera, nawonso ali pantchito. Chomwe mungapemphe ndi zitatu: akuuzeni tsiku lisanafike, apopere madzulo dzuwa litapendeka njuchi zitabwerera, ndipo apewe kupopera mbewu zili pa maluwa. Madzi otsukira sipuleya akwiriridwe m'dzenje. Akakuuzani mochedwa, tsekani khomo ndi kasefa kolowa mpweya usiku, phimbani mng'oma ndi chiguduli chonyowa, mutsegule akamaliza, koma osazitsekera tsiku lonse kukutentha, zifera momwemo. Zikakhala kuti zapsa kale ndi mankhwala, sesani zakufazo, chepetsani khomo, zipatseni madzi a shuga, mudikire ana omwe ali mzisa abadwe.

Kunena zoona kalata yopita ku ofesi imathandiza pang'ono poyerekeza ndi kukacheza ndi abambo amene amagwira sipuleyawo. Pitani mukawapatse moni, atengeni akaone ming'oma, nambala yanu akhale nayo. Pofula kabotolo koyamba kazipita kwa iwowo ndi alonda, osati kwa akuluakulu a ku ofesi.

Ifeyo eni ake

Ming'oma ya pasukulu imatsegulidwa mopyola muyeso. Gulu ili likufuna pulakitiko Lolemba, lina Lachitatu, Lachisanu kwabwera alendo akufuna aone mfumukazi. Kutsegula kulikonse njuchi zimayambanso kumata ming'alu ndi kukonza kutentha kwa mkati, ndipo banja lomwe langolowa kumene, lisanakhale ndi ana, silipirira zimenezi. Lisiyeni milungu itatu kapena inayi, muzingoyang'ana pakhomo. Sankhani ming'oma iwiri yamphamvu ikhale yophunzitsira, muzisinthasintha, inayo izitsegulidwa pakakhala chifukwa. Utsi ukhale wozizira, wa zitsononkho kapena ndowe zouma, wochepa, osati mapulasitiki kapena malawi. Tsegulani chakumadzulo makalasi atatha kuti zikalusa zisakumane ndi anthu panjira.

Makina otchetchera kapinga nawo, phokoso ndi kunjenjemera kwake kumazikwiyitsa kwambiri, ndipo amene amalumidwa ndi bambo wosalakwa. Pafupi ndi ming'oma tchetchani nokha ndi chikwakwa, madzulo, mutavala suti. Ming'oma ikhale mamita 100 kapena kuposa kuchoka ku mahositelo ndi njira zodutsa anthu, khomo lisaloze kunjira, ndipo heji kapena mpanda wa udzu wotalika mamita awiri umazikakamiza kuuluka pamwamba pa mitu ya anthu. Wina akalumidwa, palani mbola ndi chikhadabo msanga n'kuchoka pamalopo. Koma akayamba kutupa nkhope kapena milomo, kubanika, chizungulire, zidzolo thupi lonse, thamangani naye ku kiliniki nthawi yomweyo, osadikira kuti tione kaye.

Kenako holide. Njuchi zambiri za pa kampasi zimathawa nthawi imeneyi, osati chifukwa zimadziwa kalendala, koma beseni lauma, girisi wauma, udzu wakula, anyamata osaka mbewa ayatsa tchire ndipo panalibe wolambula. Musanatseke sukulu lambulani mamita angapo kuzungulira malo onse, pakani girisi watsopano, siyani munthu wodziwika dzina, osati zongolemba pa gulupu ya WhatsApp kuti amene ali pafupi azikaona, chifukwa amene ali pafupi sapezeka. Mlonda kapena wogwira ntchito kumunda amene amakhala konko ndi wabwino kuposa wophunzira, mugwirizane naye kangachepe. Ndipo a chaka chomaliza, kope lija musapite nalo kwanu, a chaka choyamba asadzayambenso kuphunzira ndi ming'oma yopanda kanthu.

Zathawa kale, nde pano titani

Mukamaliza kuwerenga umboni uja, chotsani zisa zonse. Zoyera sungunulani mupeze phula, zanjenjete tenthani. Palani mkati, wambani pang'ono ndi lawi la udzu kuti mazira a njenjete afe, konzani ming'alu ndi chivundikiro. Pakani mzere wa phula pakati pa kathabwa kalikonse, mzere woongoka chifukwa pomwepo mpomwe ziyambire chisa, kenako tikitani masamba a lemon grass mkati ndi pakhomo, fungo lake limafanana ndi lomwe njuchi zimatulutsa poitanana. Osapaka uchi, muitana nyerere. Ngati simunapeze chomwe chinazithamangitsa, musabwezere pamalo omwewo.

Magulu a njuchi amayenda kwambiri maluwa akachuluka, mvula ikangotha komanso kukayamba kutentha, nde nthawi imeneyo pachikani timing'oma ting'onoting'ono m'mitengo, mamita atatu m'mwamba, timalowedwa msanga kuposa yomwe ili pansi. Zikalowa n'kuyamba kumanga, tsitsani usiku musamutsire timatabwa mumng'oma waukulu. Muziyendera timing'omati chifukwa abuluzi, mavu ndi makoswe nawo amafuna nyumba, ndipo akalowa iwo njuchi sizibwera.

Ena amatsekera mfumukazi ndi kasefa pakhomo kuti isatuluke. Kwa masiku awiri atatu pa gulu lomwe mwangoligwira zikhoza kuthandiza, koma ngati vuto ndi njala kapena linthumbu mwangozitsekera m'mavuto, ndipo ngati mfumukaziyo ndi yaing'ono yosakwatiwa mwaitsekereza ulendo wokakumana ndi amuna. Chomwe chimagwira bwino ndikutenga chisa chimodzi chokhala ndi mazira ndi timphutsi ku mng'oma wamphamvu, kukutumula njuchi zake, n'kuchiika pakati pa gulu latsopanolo. Onetsetsani kuti mfumukazi ya komwe mwatengako sinapite nawo, ndipo chisacho chisakhalitse padzuwa kapena pamphepo, chichoke uku chilowe uko.